Zithunzi za a Sawada

Tadala ndi Yamikani, amayi anu akuti nkhani za kuntchito ndimazibwereza mpaka tiyi amazizira m'kapu, ndiye ndi bwino ndizilembe kamodzi kuti makutu awo apume. Ndavomera. Za ubwana wanga mukuzidziwa kale. Ndiyambira pomwe zala zanga zinayamba kuda ndi inki.

1979

Ntchito yanga yoyamba inali pa nyumba yosindikizira mabuku ya mishoni ina m'chigawo chapakati. Bwana anali a Gondwe, bambo wa ku Rumphi, wamfupi, wosaseka wamba. Tinkasanja zilembo zachitsulo chimodzichimodzi ndi zala, tikuwerenga mozondoka, n'kumasindikiza mabuku a nyimbo, makalendala ndi timabuku ta zaumoyo. Nkhondo ya ku Mozambique itasokoneza njira za kudoko, zinthu zinayamba kusowa. Inki tinkaikokota m'chitini mpaka chitinicho kuwala ngati chatsukidwa. Zitsulo zodindira zithunzi, zomwe tinkaitanitsa kunja, zinasiyiratu kubwera. Tsiku lina a Gondwe anandiitana ali ndi kathabwa m'manja.

"Mbewe, paja unkati uli mwana unkasema zidole?"

"Ee, bwana."

"Nachi chithunzi cha mayi akumwetsa mwana madzi a mchere ndi shuga. Ndikufuna mayiyu pathabwa pofika Lachisanu."

Ndinanola kachidutswa ka sowo yodulira zitsulo kukhala mpeni, ndinasema. Lachisanu titadinda, a Gondwe anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anati, "Mayiyu akuoneka wodwala kuposa mwanayo. Bwereza." Ndinabwereza. Kuyambira pamenepo zithunzi zonse za m'timabuku tathu ndinkasema ndine, ndipo chala changa chamkombaphala chakumanzere chinalandira zipsera zomwe mumaziona zija.

1993 mpaka 2012

Ku Blantyre ndinagwira pa kampani yaikulu ya makina othamanga. Makompyuta atabwera, mipeni yanga inalowa m'kabati ndipo inachita dzimbiri. Mu 2007 amayi anu atapeza ntchito ya unamwino kuno ku Perth, ndinabwera ndili ndi zaka makumi asanu, ndipo palibe amene ankafuna munthu wodziwa kusanja zilembo ndi zala. Ndinalowa m'shopu yopanga mafelemu a zithunzi ku Cannington, pafupi ndi siteshoni, kudula magalasi ndi makatoni. Mukukumbukira mmene ndinkabwerera kunyumba ndi utuchi m'tsitsi. Kumeneko n'kumene a Fiona anandipeza. Iwo ankayendetsa nyumba yaing'ono yoonetsera zithunzi chakufupi ndi Northbridge, ya zipinda zinayi, ndipo ankabweretsa ntchito zawo kushopu kwathu. Mu 2012 anandilemba ntchito. Ananditumiza kumaphunziro, ndinaphunzira za chinyezi, za tizilombo todya mapepala, ndi za mmene kuwala kumasulutsira mitundu pang'onopang'ono munthu osaona. Patapita zaka ndinakhala woyang'anira chisamaliro cha chilichonse chopachikidwa pakhoma m'nyumba imeneyo. Mwa mabwana onse amene ndagwira nawo, a Fiona ndi amene ankafunsa maganizo anga n'kudikiradi yankho.

Kumeneko ndinagwiranso ndi a Tembo, mnzathu wa ku Chipata amene mumamudziwa kutchalitchi. Iwo ankalandira alendo ndi kulondera zipinda, ndipo ankalipidwa malinga ndi mashifiti omwe apatsidwa. Akazi awo anali pasukulu, ana atatu. Nkhomaliro tinkadyera limodzi pabenchi kuseri kwa nyumbayo.

February 2020

A Fiona anakonza chionetsero chomwe anachilakalaka zaka zambiri: zithunzi zakale za ku Japan zodindidwa ndi matabwa, zoonetsa mapiri, misewu ndi nyanja, moyang'anizana ndi zithunzi za azungu omwe anatengera kajambulidwe kameneko. Za azunguzo anabwereka kwa anthu osunga zithunzi kuno ku Perth. Za ku Japan zinali za banja la a Sawada, bambo wachikulire wosema ndi kudinda matabwa, amene makolo ake ankagwira ntchito yomweyo. Anabwera nazo okha, limodzi ndi mwana wawo wamkazi, Keiko, amene ankamasulira chifukwa iwo Chingerezi ankachidziwa pang'ono chabe.

Tsiku lotsegula mabokosi, a Sawada anaima pambali panga, maso ali pa manja anga. Nditanyamula chithunzi choyamba n'kuchigoneka patebulo, anandigwira dzanja lamanzere, anaona zipsera zija, kenako anandionetsa chala chawo. Zipsera zinali pamalo omwewo. Anafunsa kanthu, Keiko n'kumasulira kuti, "Akuti kodi mumasema?" Ndinati kalekale, kwathu, pamene zitsulo zinkasowa. Anaseka, n'kundisisita paphewa. Chiyambire ola limenelo sanaimenso pambali panga kundiyang'anira.

Ana anga, ndagwira mapepala moyo wanga wonse, koma zoterozo ndinali ndisanazione pafupi. China chinali cha anthu apaulendo akukwera msewu wa m'phiri, atawerama, zipewa zaudzu kumutu, mvula itajambulidwa ngati mizere yopendekeka yopyapyala kuposa tsitsi. China chinali cha mudzi wokwiririka ndi chipale, pomwe zoyera zonse linali pepala lenilenilo losapakidwa kanthu. China chinali ndi thunthu la mtengo wa paini patsogolo penipeni, litadula chithunzi pakati, phiri lalikulu n'kumaoneka kang'onong'ono kumbuyo, thambo lake la pepo wosungunukira m'pinki. A Sawada anandifotokozera kuti chithunzi chimodzi chinkadutsa m'manja a anthu angapo: wojambula, wosema, ndi wodinda. Mtundu uliwonse unkakhala ndi thabwa lakelake. Sankagwiritsa makina. Ankanyowetsa pepala pang'ono, kupaka thabwa utoto wa madzi wosakaniza ndi phala la mpunga, kugoneka pepala, n'kulitikita kumbuyo ndi kachimbale kozungulira kokutidwa ndi khoko la nsungwi, komwe iwo amakatcha bareni.

Titapachika mbali zonse ziwiri, a Fiona anatiyendetsa ife antchito kuti tidziwe zoyankha alendo. Anati dziko la Japan litatsegula madoko ake kwa amalonda akunja m'zaka za m'ma 1800, zithunzi izi zinafika ku Ulaya zambirimbiri, zotchipa, ndipo ojambula a ku France ndi maiko ena anazunguzika nazo. Iwo anazolowera kuika chinthu chachikulu pakati, kuchipatsa mthunzi, zonse zokwanira bwino m'felemu. Apa anaona kuti munthu angathe kudula bwato pakati ndi m'mphepete mwa pepala, kuyang'ana msewu ngati wakwera padenga, kupaka mtundu umodzi wosalala popanda mthunzi. Sindinafunike kuuzidwa zambiri. Moyang'anizana ndi paini uja panali chithunzi cha gombe la ku France, thunthu la mtengo litaima patsogolo momwemo.

"Manje azungu nabo banali kukopela?" a Tembo anafunsa mokweza, tonse kuphulika kuseka.

Keiko atamasulira, a Sawada analoza nyanja ya buluu wakuda pa chithunzi chawo china. "Akuti musawaseke kwambiri," anatero Keiko. "Buluu uyu makolo athu ankagula kwa azungu omwewo."

Mgwirizano unali woti zithunzizo zikhale pakhoma miyezi itatu yokha, magetsi ochepetsedwa, kenako zikapume mumdima zaka zingapo. Mitundu ina, makamaka pepo ndi pinki, inapangidwa kuchokera ku maluwa, ndipo ikasuluka sibwereranso. A Sawada anabweretsanso matabwa omwe anasema okha, a chithunzi cha doko la kwawo, pamodzi ndi maburashi, mapepala ndi bareni, kuti adzaonetse anthu kadindidwe kake podzatenga katundu wawo. Anazisiya m'chipinda changa chogwirira ntchito. Potsanzikana anandiweramira, nanenso ndinawerama mmene ndinathera.

March mpaka September 2020

Patangopita masabata ochepa, mliri wa korona unatitsekera zitseko. Ndinatsitsa zithunzi zonse za ku Japan n'kuzigoneka m'mabokosi. Iwe Tadala unakalipa kwambiri utamva kuti ndikupitabe kukaona chinyezi m'nyumba yoonetsera zithunzi ija, ine wa matenda a shuga. Unayankhula Chingerezi chothamanga chija chomwe umalankhula ukakwiya, ndipo ndinamva mawu amodzi okha, akuti ndine wamakani. Ndinkapita ndithu, m'sitima yopanda anthu, masiki kukamwa.

Chapakati pa chaka tinatsegulanso, n'kupachikanso zithunzi zija kuti zimalize miyezi yake itatu. Malire a chigawo chathu anali otseka, kulowa kapena kutuluka kunali kovuta, koma mkati muno moyo unabwerera msanga. Anthu omwe akanapita kutchuthi kunja analibe kopita, ndiye anabwera kwa ife. Mzere unkafika pamsewu. A Tembo ankagwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, nkhope ili mwee.

Miyezi itatu ija ikutha, a Fiona anandiitana mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Lyson, zionetsero zonse zomwe tinakonza chaka chino zalephereka. Palibe chingabwere kuchokera ku Sydney kapena kunja. Tikatsitsa zithunzi za a Sawada, zipinda ziwiri zikhala zopanda kanthu, ndipo akuluakulu a bungwe lomwe limatiyang'anira akuti titseke zipindazo. Ukudziwa amene ataye mashifiti."

"Ndikudziwa."

"Akufuna tiwonjezere miyezi isanu ndi umodzi. Za kuwala ndikuzidziwa ngati mmene ukuzidziwira iwe, sindikunamiza kuti sizisuluka. Koma n'kutheka kuti zisuluka pang'ono poti diso silingaone. Tiyeni tifunse eni ake."

Tinaimbira Keiko pa vidiyo. Anaoneka wotopa, ali m'khonde la chipatala. A Sawada anali atachita sitiroko, sankatha kulankhula, ndipo madokotala sankadziwa ngati adzalankhulenso. A Fiona anapepesa, n'kufotokoza nkhani yathu mosabisa chilichonse. Keiko anati, "Ine ndimagwira ntchito kubanki, za mitundu sindizidziwa. Bambo atabwerako kwanuko anandiuza kuti zithunzi zili m'manja abwino, m'manja mwa a Mbewe. Chomwe a Mbewe anene, banja lathu livomereza."

Foni itadulidwa a Fiona anandiyang'ana. "Ndikupatsa mpaka Lolemba," anatero.

Nkhani sigona. Lamlungu tikutuluka m'tchalitchi, a Tembo anandikokera pambali pa malo oimika magalimoto.

"Ba Mbewe, nimvela ati nkhani yonse ili pali imwe."

"Ili pa ine, a Tembo."

"Manje muganiza bwanji? Ba mdala baja sibazaona na kusiyana. Ni mapepala chabe. Ine nili na bana batatu, mubaziba, mwabanyamula mu manja mwanu."

Ndinangoti ndikuganizabe. Anandigwira mkono n'kunena kuti, "Ndimwe bakulu banga, nikudalilani," ndipo mawu amenewo anandilemera kuposa akanandinyoza.

Masana amenewo ndinakhala pakhonde osadya. Amayi anu anabwera n'kukhala pambali panga.

"Bambo a Tadala, kodi zikanakhala zanu, mukanatani?"

"Zikanakhala zanga ndikanazisiya pakhoma chaka chonse, a Tembo adye."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Si zanga. Mwini wake wagona sangathe kukana. Ndipereke bwanji chinthu cha munthu amene sangathe kutsegula pakamwa?"

Amayi anu anati, "Ndiye mwayankha kale. Chomwe chikukuvutani n'choti Lamlungu likubwerali mudzakhala benchi imodzi ndi a Tembo. Chimenecho palibe angakuchotsereni."

Lolemba ndinauza a Fiona kuti zithunzi zitsike tsiku lomwe tinagwirizana. Sanatsutse. Anangogwedeza mutu, n'kupita okha kukakumana ndi akuluakulu a bungwe, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anawauza kuti chiganizocho ndi chawo, osatchula dzina langa. A Tembo ndinawauza ndekha, pabenchi yathu ija. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, anatseka kontena yawo ya chakudya, n'kulowa mkati.

Zipinda ziwiri zinatsekedwa. Anthu anayi anachepetsedwa mashifiti, ndipo a Tembo anatsala ndi tsiku limodzi pasabata. Patapita mwezi anasiya, anakapeza ntchito yopanga mashelefu m'sitolo yaikulu ku Cannington. Kutchalitchi ankandipatsa moni wa pakamwa pokha akudutsa. Akazi awo anasiya kukhala pafupi ndi amayi anu ku chigwirizano. Ena ankanong'ona kuti a Mbewe anakonda mapepala a Mjapani kuposa ana a m'bale wawo. Sindinawayankhe, chifukwa kunena zoona nanenso funso limenelo linkandibwerera ndikamadutsa m'zipinda zopanda kanthu zija.

2021

Nzeru inachokera kwa amayi anu. Tsiku lina ndikudandaula monga mwa nthawi zonse, anandidula mawu. "Nanga matabwa anasiya aja, nawonso amasuluka?" Ndinawayang'ana. "Inu si wosindikiza kodi? Kapena zaka zonse zija munkatinamiza?"

Nthawi imeneyo a Sawada anali atabwerera kunyumba. Mawu anabwerera pang'ono, koma dzanja lamanja linafooka. Keiko atawafotokozera zonse zomwe zinachitika, za zipinda zotsekedwa ndi za anthu otaya ntchito, ndiponso pempho langa logwiritsa ntchito matabwa awo, akuti anayankha kuti thabwa lokhala osanyowa limang'aluka, ndiye ndiyambe msanga. Anadzipereka kundiphunzitsa pa vidiyo kawiri pasabata.

Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, ndipo ndinabwerera kukhala wophunzira. Zonse zomwe manja anga ankadziwa zinali zolakwika. Inki ya kwathu inali ya mafuta, yomata, yofuna mphamvu. Iyi inali ya madzi, yofuna liwiro ndi kufatsa nthawi imodzi. Ndikachedwa thabwa linkauma, ndikafulumira mitundu inkasefukira. Doko la a Sawada linali ndi matabwa asanu ndi awiri, ndipo pepala linkayenera kugona pa timipata tiwiri tosemedwa pakona, ndendende, ulendo uliwonse, apo ayi mabwato ankatuluka ndi mizere iwiriiwiri ngati ukuwaona utaledzera. Foni ndinkaiimika pa chitini cha misomali. A Sawada ankaonerera ali pampando, n'kumangoti "ayi" m'Chingerezi, liwu lomwe ankalitchula bwino kuposa ena onse. Chovuta kwambiri chinali thambo, pomwe buluu amayenera kuyamba wakuda kumwamba n'kumapepuka mpaka kutheratu, zonse ndi burashi imodzi pa thabwa lonyowa. Phala la mpunga ankandiphikira amayi anu, n'kulisefa pa nsalu, akudandaula kuti mpunga wabwino ukuthera kudyetsa matabwa.

Mapepala a ku Japan anali ochepa, ndipo oitanitsa ankatenga miyezi panjira chifukwa ndege zinali zosowa. Ndinkaphunzirira pa mapepala wamba, abwinowo ndikusunga. Kenako khoko la nsungwi la pa bareni linang'ambika. Linali limodzi lokha. A Sawada anati likufunika khoko lalikulu, lotambalala kuposa chikhatho, lomwe nsungwi zikuluzikulu zimataya zikamakula. Ndinafunsa m'masitolo a mbewu, ndinazungulira m'mapaki, osapeza. Ndinatchula vutoli kwa abusa pocheza, osaganiza kanthu.

Loweruka lina m'mawa belu la pakhomo linalira. Anali a Tembo, atavala yunifolomu ya kusitolo, atanyamula thumba lakuda la pulasitiki.

"Kuli muzimai wa ku Vietnam tisebenza naye, ali na nsungwi zikulu kuseli kwa nyumba. Onani ngati yazakwana."

Munali makoko ambiri, ouma bwino, ena aakulu ngati mbale. Ndinawapempha alowe amwe tiyi. Anati akuchedwa kuntchito. Atafika pageti anatembenuka n'kunena kuti, "Sininakondwele na zimene munachita, ba Mbewe. Na manje sininakondwele. Koma nsungwi ni nsungwi." Analowa m'galimoto n'kupita.

Kukuta bareni kunanditengera makoko ambiri ong'ambika, a Sawada akundionetsa ndi dzanja lawo limodzi, Keiko atawagwirira mbali inayo. Pamapeto pake linagwira.

Chapakati pa chaka a Fiona anatsegulanso chipinda chimodzi. Pakhoma tinapachika matabwa asanu ndi awiri aja masiku omwe sindinkawagwiritsa ntchito, ndi mapepala oonetsa mmene chithunzi chimakulira mtundu ndi mtundu. Zithunzi za azungu zinabwerera moyang'anizana nazo, pambali pa zojambula za kamera za zithunzi zakale zija. Ine ndinkakhala pakati pa chipinda ndi tebulo langa lalifupi, kudinda anthu akuonerera. Ankabwera a sukulu, okalamba, ngakhale ojambula enieni. Ndikasenda pepala pa thabwa lomaliza, mabwato n'kuonekera pa madzi a buluu, chipinda chonse chinkapuma mokweza nthawi imodzi. Mayi wina wojambula anandiuza kuti anaphunzira za zithunzi zimenezi ku yunivesite, koma anali asanaonepo pepala likunyowa. Ena ankadabwa kuona bambo wakuda akudinda doko la ku Japan, n'kufunsa kuti ndinaphunzira kuti. Ndinkawauza kuti kusema ndinaphunzira ku Malawi chifukwa cha kusowa, kudinda ndinaphunzira pa foni chifukwa cha mliri.

Iwe Yamikani unabwera ndi anzako a kuntchito tsiku lina osandiuza. Ndinakumva uli kumbuyo ukuwauza kuti, "Awo ndi adadi anga." Sindinadzutse mutu chifukwa thabwa likanauma, koma ndinamva.

Atatu mwa anzathu anayi aja anabwezeredwa mashifiti awo. A Fiona anaimbira a Tembo kuti abwerere. Anathokoza, koma anakana, chifukwa kusitolo anali atawalemba ntchito yokhazikika. Lero timapatsana moni wa m'manja ndipo timafunsana za ana. Pabenchi paja sitinakhaleponso limodzi, ndipo sindikuuzani kuti zinabwerera mwakale pomwe sizinabwerere.

2022

Malire atatsegulidwa, Keiko anabwera yekha kudzatenga katundu wa banja lawo. Bambo ake sakanatha ulendo wa pandege. Ine ndinali nditachedwetsa kupuma ntchito kuti ndidzapereke zithunzizo ndi manja anga. Tinatsegula mabokosi m'chipinda changa, magetsi ochepetsedwa, a Fiona ataima pambali. Keiko anaimbira bambo ake n'kumayendetsa foni pang'onopang'ono pamwamba pa chithunzi chilichonse. Titafika pa cha mtengo wa paini a Sawada anakweza dzanja kuti Keiko aime, anayandikitsa nkhope, n'kuyang'ana thambo la pepo lija nthawi yaitali. Kenako ananena mawu ochepa, ndipo Keiko anapukuta m'maso asanamasulire.

"Akuti lili mmene agogo awo anawasiyira."

A Fiona anandifinya mkono.

Ndinkaganiza kuti tamaliza, koma a Sawada analankhulanso. Ankafuna kuona chithunzi cha doko chomwe ndinadinda komaliza. Ndinasankha chomwe ndinkachiona chabwino kuposa zonse n'kuchigoneka patebulo. Anachiyang'ana monga anayang'anira zakale zija, kuyambira kumwamba mpaka pansi.

"Akuti pathambo madzi anachuluka pang'ono," anatero Keiko mwamanyazi. "Koma akuti nyanja ili bwino. Akuti nyanjayo iwo sakanaiposa."

Ndinaseka, chifukwa za thambozo ndinkazidziwa. A Sawada anapitiriza, ndipo ulendo uno analankhula motalika, movutikira, akupumira pakati. Keiko anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatulutsa pensulo m'chikwama chake n'kundipatsa.

"Akuti dzanja lawo silidzadindanso. Akuti matabwa amenewa anawasema iwo, koma amene wawadinda ndi inu, ndipo kwathu wosema ndi wodinda onse amalembedwa m'mphepete mwa pepala. Akufuna chithunzi ichi chipite nawo kunyumba, chikasungidwe pamodzi ndi zinazi. Lembani dzina lanu apa. Lawo akalemba okha ndi dzanja lamanzere."

Ndinapukuta zala pa epuloni. Ndinalemba kuti Lyson Mbewe, Perth, timalemba tating'ono. Keiko anayala pepala lopyapyala pamwamba pake, anachigoneka m'bokosi limodzi ndi zithunzi za makolo ake, ndipo ine ndi a Fiona tinatseka chivundikiro n'kumanga zomangira zonse. Lachisanu la sabata imeneyo ndinapereka makiyi.